Bolodi la pa Geti

Ndili m'mwamba muno, m'kanyumba ka kireni,
doko la Gdańsk ndimaliona ngati pachikhatho:
zipewa zachikasu zili piringupiringu
kuzungulira nthiti za chombo chomwe tikumanga.
Mphepo ya ku Baltic imaluma mpaka m'mafupa.

Pa geti pali bolodi.
M'mawa uliwonse Jadwiga ankafufuta nambala ya dzulo
n'kulemba ina ndi choko:
masiku 412 opanda ngozi.
Abwana analonjeza soseji ndi bonasi tikafika 500.

Lolemba lililonse ankatisonkhanitsa m'kantini.
Valani magalasi. Mangani lamba. Musaime pansi pa katundu.
Mawu omwewo, zithunzi zomwezo,
mpaka zinasanduka mvula ya padenga
yomwe imangokugonetsa.
Czesław ankasinza, khofi akuzizira m'manja,
ine ndikuwerenga matailosi a pakhoma.
Kusaina pepala, kutuluka,
zolowera khutu ili zitatulukira kale linalo.

Tsiku lotsatira, pa nkhomaliro,
Remigiusz, mnyamata wa miyezi isanu pa ntchito,
ankadya ndi dzanja lamanzere,
lamanja atalibisa m'thumba ngati waba kanthu.
Jadwiga anamugwira pamkono, mwaulemu,
dzanja n'kutuluka lili m'kansanza kouma gwa ndi magazi.
Chitsulo chinamucheka Lachisanu. Sananene.
"Sindinafune kuti ndikhale ine wofafaniza nambala,
anzanga n'kuluza bonasi chifukwa cha chala changa."

Jadwiga sanakalipe.
Anatunga madzi m'ndowa, ulendo wa pa geti,
tonse maso ali pa iye,
natsuka bolodi lonse
mpaka linada bii ngati nyanja ya mu Disembala.
"Nambala yophunzitsa mwana kubisa bala," anatero,
"ine sindiilembanso."

Lolemba linalo sanabwere ndi zithunzi.
Anakhala pa benchi pakati pathu n'kufunsa:
"Ndani wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi sabata yathayi?"
Zii. Supuni yokha ikulira m'kapu.
Kenako Czesław, yemwe satsegula pakamwa m'misonkhano,
anayala dzanja lake patebulo: zala zitatu ndi theka.
Dzanjalo tinkalidziwa zaka zonsezi
koma nkhani yake palibe anaifunsapo.
Anati mdzukulu wake akamupempha
kuti amumangire mabatani a jekete,
amanamizira kuti waiwala magalasi.

Kukhosi kwanga kunauma.
Ndinaulula za Lachitatu lija
pamene unyolo unalira mawu achilendo,
ine n'kukwezabe mtolo wa zitsulo
poti nthawi inali itatithera,
pansi pali Bogumiła, akuyang'ana kwina.
Bogumiła anandiyang'ana nthawi yaitali, osaphethira.
Masana omwewo unyolo tinautsitsa.
Mphete imodzi inali itang'aluka
ngati mlomo wa munthu m'nyengo yozizira.

Bolodi likadalipo pa geti,
koma choko tsopano n'cha aliyense.
Timalembapo zomwe zinangotsala pang'ono kuchitika:
mafuta pa makwerero a kumpoto,
nthambo ya magetsi yosendeka,
dzulo ndagwira ntchito ndili ndi tulo.
Zilembo zake n'zokhotakhota, zina mvula imanyambita,
ndipo wina, sitikumudziwa mpaka lero,
anajambulapo Jadwiga atanyamula ndowa yake,
mphuno ataitalikitsa dala.
Iye sanafufute.

Soseji ija sitinailawe.
Chala cha Remigiusz chinapola chokhota pang'ono,
ndipo ndi chomwecho chimene amalozera obwera kumene:
apa musapondepo, apo yambani mwafunsa.
Czesław amasinzabe nthawi zina, ukalamba,
koma ikafika nthawi yake yoyankhula
khofi amamuika pambali.

Ine, ndisananyamule kalikonse,
ndimatsegula kazenera ngakhale kuzizire bwanji,
ndimvetsere kaye unyolo.
Ndikatero ndimawerenga zipewa pansipo,
chimodzichimodzi,
ndikutchula mayina a eni ake.